Agulugufe a Kumanda

Shawlands, Glasgow
4 Meyi 2024

Okondedwa Amalume Fryson,

M'mawa uno kwacha ndi kamvula kowaza, koma pofika eyiti koloko dzuwa latuluka. Mbalame zoyera zakunyanja zakhala zikulira padenga chiyambire mbandakucha, ndipo basi yoyamba itadutsa pansi pamsewu mawindo athu ananjenjemera monga mwa masiku onse. Muli bwanji kumeneko? Anti Christina ndi Olivia ali bwanji? Ife kuno tili bwino. Amayi apita kuntchito, akuti ndikupatseni moni.

Ndikulemba pamanja ndiponso m'Chichewa monga munanenera, kuti ndisachiiwale. Mukapeza zolakwika, chonde musandibwezere kalata yochongedwa ndi bolopeni yofiira ngati ulendo watha.

Munafunsa zimene ndimachita ndikaweruka kusukulu. Mpira sindisewera. Ndimajambula agulugufe ndi maluwa akutchire. Kamera ndi yakale, anandipatsa bambo wina wakutchalitchi atagula yatsopano. Ndaikamo zithunzi zisanu ndi chimodzi, kumbuyo kwake ndalemba tsiku ndi dzina.

Wa pachithunzi chachitatu ndiye ndamuvutikira. Ndi woyera, koma nsonga za mapiko ake zili ngati khungu la lalanje. Kuno amamutcha orange-tip. Wamkazi alibe mtundu umenewo. Amaikira dzira limodzi lokha pa duwa limodzi, kaduwa kotuwa komera ponyowa, chifukwa mbozi zake zikakumana ziwiri zimadyana.

M'mapaki simupezeka kanthu. Amatchetcha udzu pafupipafupi mpaka kukhala ngati kapeti. Malo abwino amene ndapeza ndi manda akale, mtunda woyenda wapansi kuchokera kwathu. Mbali imene ndimapita anasiya kalekale kuikako anthu, udzu sautchetcha, ndipo sikubwera munthu kupatula oyendetsa agalu. Loweruka lapitali ndinagona chafufumimba pamwala wina wakugwa pafupifupi theka la ola kudikira kuti atere. Anatera. Dzina likuoneka pamwala kuseri kwa gulugufeyo, Michael Brown, ndi la mwini manda.

Mwakolola bwanji chaka chino? Amayi akuti tibwera mu Julayi kudzamanga chiliza cha agogo. Kodi nthawi yozizira agulugufe amakhalapo kumeneko?

Muphwa wanu,
Tisunge


Shawlands, Glasgow
18 Meyi 2024

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji? Yankho lanu silinafike, koma ndikulembanso poti mayeso ali mkati ndipo masiku ena sitipita kusukulu. Masamu ndalemba kale. Sanandipweteke kwambiri.

Kumanda kuja ndakumana ndi mkulu wina, a Matthews. Amabwera Lachiwiri lililonse dzuwa likawala, amayenda njira yomweyomweyo pang'onopang'ono, akulemba m'kabuku. Ulendo woyamba anangondiyang'ana. Wachiwiri anaima n'kunena kuti chithunzithunzi changa chikugwera paduwa, n'chifukwa chake akundithawa. Anandionetsa kuti ndizibwera moyang'anizana ndi dzuwa, ndipo ndisamayende ngati ndikubisalira, ndizingoyenda ngati ng'ombe. Zikuthandiza.

Akuti zimene ndikuona kunozi n'zochepa. Kummwera kwa England kuli mapiri ang'onoang'ono amene dothi lake ndi loyera, choko chenicheni ngati chimene munkalembera pabolodi. Udzu wake ndi waufupi, maluwa ang'onoang'ono mitundumitundu, ndipo mu Ogasiti agulugufe abuluu amadzadza phiri lonse. Iwo amapitako chaka chilichonse ndipo akuti ngati amayi angalole adzanditenga. Amayi sindinawauzebe.

Ndaikamo zithunzi zina zisanu. Kunena zoona, kumandako ndimakukonda kuposa kusukulu. Anthu ake safunsa mafunso.

Mundiuze za kumudzi.

Muphwa wanu,
Tisunge


Linthipe, Dedza
9 Juni 2024

Mlongo wanga Vainess,

Moni wochuluka kwa iwe ndi mwana. Kuno tili bwino, kupatula mawondo anga ndi nkhokwe imene chaka chino sinafike n'pakati pomwe. Pobwera usaiwale magalasi owerengera aja. Kalata iyi Olivia aijambula ndi foni kuti ikupeze lero lomwe, pakuti nkhani yake si yodikira positi.

Makalata awiri a Tisunge afika tsiku limodzi. Chichewa chake chili bwino, zolakwika zinayi zokha. Koma kodi iwe ukudziwa kumene mwana wako amaswera? Amaswera kumanda. Amalowa yekha, popanda maliro, popanda wompatsa chilolezo. Walemba yekha kuti anagona pamwamba pa munthu theka la ola. Wabwera kunyumba, wadya nawe m'mbale imodzi, sindikukhulupirira kuti anasamba n'komwe.

Mlamu wako Christina ataona chithunzi cha mwala wolembedwa dzina anachiponya pansi n'kuthamangira ku mtsuko kukasamba m'manja. Akuti mkulu wokumana naye kumanda, woyenda ndi kabuku, wophunzitsa mwana kayendedwe, wofuna kumutenga ulendo amake osadziwa, zimenezo kuno zili ndi dzina lake. Ine kumeneko sindifika. Ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Koma ndinayala zithunzi zonse khumi ndi chimodzi patebulo, ndipo mulibe munthu wamoyo ngakhale mmodzi. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, alibe bambo, amake amaswera kuntchito, ndipo akuti amakonda anthu osafunsa mafunso. Ichi ndicho chandisowetsa mtendere.

Ndiye monga malume wake ndaganiza motere. Mukabwera mu Julayi, iye atsale. Ndalankhula ndi ahedi a sekondale yapafupiyi, malo a folomu 3 alipo mu Sepitembala. Akhale pakati pa anthu zaka ziwiri, adzuke ndi anzake, akangane nawo. Usamuuze tsopano, angakane kukwera ndege.

Undiyankhe msanga.

Mlongo wako,
Fryson Kalekeni


Linthipe
12 Juni 2024

Mwamuna wanga wakumanda,

Uli bwanji, msuweni? Kapena ndifunse kuti anzako ogona aja ali bwanji? Nanenso ndalemba pamanja n'kujambula, uone kuti si iwe wekha wodziwa Chichewa.

Iwe Tisunge, unachoka kuno uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, kodi nzeru unazisiya pa eyapoti? Kuno manda sitiwaloza n'chala chomwe. Ukaloza mwangozi umaluma chalacho. Munthu salowamo pokhapokha adzukulu atatsegula njira, ndipo potuluka amasamba. Iwe ukuti unagonapo, n'kutitumizira umboni! Amayi akhala akufunsa aliyense kuti Michael Brown ndi mbale wathu wa mbali iti. Ndinati mwina ndi wa kuchimuna, anandigenda ndi chipande. Zithunzi zako anazitulutsa m'nyumba, zikugona m'khola la nkhuku. Ine ndinabako chimodzi, cha walalanje uja. Ndi chokongola, koma usadzitame. Agulugufe akowo ife timawadya asanamere mapiko.

Tsopano tamvera, sindikuseka. Kalata imene abambo analembera anti, amayi ako, ndinajambula ndine, ndiye ndinaiwerenga. Akufuna kuti ukabwera usabwerere. Malo akupezera kale ku sekondale kwathu, ndipo dzulo anapita kwa telala kukafunsa za yunifolomu. Anakuyerekeza ndi mwana wa a Chakufwa, amisiri omanga aja, akuti mwina ndinu ofanana msinkhu. Anti anauzidwa kuti asakuuze. Ine palibe anandiuza kuti ndisakuuze, poti palibe akudziwa kuti ndikudziwa. Ukanditchula ndidzakana.

Kwa ine utatsala zingandikomere, ndipeze wondinyamulira madzi. Koma munthu azidziwa kumene akupita.

Undibweretsere chokoleti, osati chakuda chowawa chija.

Mkazi wako wosakufuna,
Olivia


Glasgow
14 Juni 2024

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata. Tili bwino. Magalasi ndagula kale. Ndikulemba pa buleki, ndiye ndifupikitsa.

Sindinkadziwa. Ndinkadziwa kuti amapita kokajambula, sindinafunse kuti kuti. Ndikabwera kuchipatala ndimapeza mbale zotsuka, homuweki yatha, iye ali kuchipinda. Ndinkati ndili ndi mwana wosavuta.

Ndamufunsa. Sanabise. Akuti kumeneko ndi kumene kuli maluwa. Ndamuletsa kupitako, ndipo za ulendo wa mkulu uja ndati ayi mpaka ndimuone ndi maso. Anangoti “Okay, mum,” n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Bola akanachimenyetsa.

Kuno manda ena anthu amayendamo ngati paki, ena amadyeramo masangweji. Alamu muwauze choncho. Koma zinazo mwanena zoona, ndipo zandipweteka. Chibwerereni kuno sanabweretsepo mnzake m'nyumba muno. Mashifiti sindingawasiye. Za kutsala sindikuvomera, komanso sindikukana. Tikambirana tikafika pa 6 Julayi.

Mlongo wanu,
Vainess


Shawlands, Glasgow
16 Juni 2024

Okondedwa Amalume,

Muli bwanji? Ife tili bwino. Mayeso atha.

Ndamva kuti mukufuna nditsale. Musafunse kuti ndamva kwa yani. Ndikanatha kutumiza pafoni, koma munanena kuti kalata yeniyeni imabwera ndi sitampa, ndipo iyi ndikufuna ikhale yeniyeni.

Za mwala uja ndapepesa. Sindinkadziwa kuti n'kulakwa, ndipo nditaganiza bwino ndaona kuti ngakhale kuno sizinali zaulemu. Anti muwauze kuti Michael Brown sindikumudziwa. Anamwalira mu 1891.

A Matthews ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Ankayendetsa mabasi. M'kabuku mwawo muli manambala okhaokha: oyera asanu, abulawuni awiri, tsiku, mphepo. Amatumiza kwa anthu amene amasunga chiwerengero cha agulugufe m'dziko muno kuti adziwe ngati akuchepa. Ayenda njira imeneyo zaka khumi ndi zinayi. Chaka chino gawo lokwera akulephera, amapuma pabenchi, ine n'kukwera kukawawerengera. Tsopano papita Lachiwiri limodzi ndisanapite, ndipo sakudziwa chifukwa, poti nambala yawo ndilibe.

Ngati nkhani ndi yoti ndilibe anzanga, n'zoona. Nditangofika ankandiseka kalankhulidwe. Anasiya kalekale, pano ndimalankhula ngati iwo, koma ndinazolowera kukhala chete ndipo sizinachoke. Sindikudwala. Sindikufuna kufa. Ndikunena poyera chifukwa ndikuganiza kuti mwina ndi zimene mukuopa. Ndikakhala pamenepo kudikira gulugufe, m'mutu mwanga mumakhala bata, ndipo ndimadziwa dzina la chilichonse chimene chili patsogolo panga. Kusukulu sizitero.

Mukandisiya ku Linthipe sindithawa ndipo sindichita mwano. Koma ndikuganiza kuti ndidzangokhala chete m'Chichewa. Anyamata akumeneko adzayamba kundiseka kalankhulidwe, ngati akuno kale, ndiyambirenso.

Pamaso panu sinditha kunena zimenezi, mukudziwa. N'chifukwa chake ndalemba. Ngati mwagamula kale, chonde mundiuze nokha.

Muphwa wanu,
Tisunge


Linthipe
28 Julayi 2024

Mlongo wanga Vainess,

Uli m'chipinda chinacho ukulongedza, ine ndili pakhonde kukulembera kalata. Usaseke. Masabata atatu takhala tikuzungulira nkhaniyi, iwe ukangoyamba misozi ine mawu amandithawa. Emvulopuyi ndikupatsa mawa pa eyapoti. Pasipoti ya mwana, imene ndinati ndikusungireni tsiku lija munafika, ili momwemu.

Ndikuuze mmene zayendera, poti zina sunazione. Chifikireni mwanayu yankho lake kwa ine lakhala “inde amalume” ndi “ayi amalume.” Telala atamuyeza anangokweza manja. Ndinati basi, ndinaganiza bwino, mwanayu ndi wofunika anthu.

Lachinayi lija adzukulu atatitsegulira kumanda kuti tiyambe kumanga, inu azimayi munali kunyumba. Iye anandifunsa panjira ngati angatenge kamera. Ndinati ayi. Anaibweza. A Chakufwa atakanya simenti, madzi anayenderera pamchenga. Dzuwa litakwera, pamchenga wonyowapo panatera agulugufe achikasu, mwina khumi ndi asanu. Mnyamata wina anafuna kuwakupiza ndi fosholo. Tisunge anamugwira mkono. Ndinati lero kuli ndewu kumanda. Koma anangonjuta n'kunena kuti, “Taonani, sakumwa madzi okha, akufuna mchere wa m'dothimu. Ambiri ndi amuna.” A Chakufwa anati, “Ndiye ndi bawa imeneyi!” Anthu anaseka mpaka mkulu wa adzukulu anatikumbutsa kumene tinali. Kenaka anayamba kumufunsa, uyu n'chiyani, uyo amadya chiyani. Ena ankawadziwa, ena anati sakuwadziwa, akafufuza. Analankhula nthawi yaitali kuposa masabata awiri onse aja. Chichewa chake ankachiseka, iye osasiya.

Potuluka anandifunsa mayina a mitengo. Ndinamuuza: muwanga, msuku, mtondo, kachere. Anati, “Amalume, bwanji imeneyi sindinaione kwina m'mudzi muno?” Ndinayang'ana uku ndi uku. Kuchokera pamenepo mpaka kumsewu ndi minda ndi bulugamu basi. Ndakhala pano moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuti kumanda sitidula mtengo, koma sindinaganizepo kuti nkhalango ya ubwana wathu yatsala pokhapo. Anati kwawonso n'chimodzimodzi. Anasamba m'manja pamodzi ndi tonse, osauzidwa.

Lachiwiri lapitali ndi pamene kalata yake ya pa 16 Juni yafika. Yayenda masabata asanu, mwiniwake ali m'nyumba mwanga momwe. Ndinaiwerengera kuseri kwa nkhokwe ndi magalasi atsopano unandibweretsera aja. Ndaiikanso muno, uiwerenge. Masiku onsewa ankaganiza kuti ndinailandira kale ndipo ndasankha kusayankha.

Sindikunena kuti ndinalakwa pa zonse. Mwanayu ali yekhayekha ndithu, ndipo mlamu wako akadali ndi maganizo ake. Koma ndinkafuna kumuchiritsa pomulanda chinthu chimodzi chimene chimamutsegula pakamwa. Apite. Zanga ndi zitatu. Asagonenso pamwala wa munthu. Akabwerako azisamba. Chachitatu ndi chako: upite naye, ukamuone mkuluyo ndi maso ako, umufunse za ulendo wa kumapiri a choko. Ngati ndi munthu, mwana apite. Shifiti imodzi odwala sangathe.

Iye sindinamuuze. Anapempha kuti ndimuuze ndekha, ndipo ndiyesa mawa, koma ukundidziwa. Akudziwa kuti akungokuperekeza.

Mlongo wako,
Fryson


Shawlands, Glasgow
3 Ogasiti 2024

Olivia,

Uli bwanji? Amalume ndi anti ali bwanji? Ndinachoka osakutsanzika chifukwa ndinkadziwa kuti madzulo ndibweranso. Ndiye ndikuuze mmene zinakhalira.

Galimoto inatitula ku Lilongwe. Pa eyapoti ndinatsitsa masutikesi a amayi n'kuwaika pa kangolo ka katundu. Amalume anapereka emvulopu kwa amayi. Amayi anaitsegula pomwepo, pasipoti inagwa pansi, ndinatola ndine. Amalume anayang'ana kumbali n'kunena kuti, “Kalata yako ija inali ndi cholakwika chimodzi chokha. Kwera.” Ndinafunsa kuti chiti. Anati ndichedwa.

Ndinakwera ndi zimene ndinavala ndi kamera. Zovala zanga zili pansi pa bedi, upatse mwana wa a Chakufwa pamodzi ndi yunifolomu. Juzi yobiriwira utenge iwe. Amayi anawerenga m'ndege makalata awiri a m'emvulopu ija. Tisanatsike anandifunsa kuti a Matthews amafika nthawi yanji.

Kwanu madzulo amenewo anabwerera amalume okha ndi dalaivala, zimenezo ukudziwa. Kuno tinafika Lachiwiri masana, kukugwa mvula, ine ndi amayi.

Msuweni wako,
Tisunge